Albert Woyera wa ku Lauingen: Dzina Lachifumu, Nsapato za Alimi

Pa 15 Novembala chaka chilichonse Mpingo umakumbukira Albert Woyera, episkopi ndi Mphunzitsi wa Mpingo, amene anamwalira mumzinda wa Cologne m'dziko la Germany m'chaka cha 1280. M'mabuku a ubatizo a maparishi athu dzina la Albert silisowa. Koma tikafunsa makolo tanthauzo lake pa maphunziro a ubatizo wa ana, kawirikawiri yankho limakhala lakuti ndi dzina lachizungu basi, ngati kuti maina achizungu ndi zigoba zopanda kanthu m'kati. Ife amene timatcha mwana Mavuto kapena Chimwemwe podziwa zimene zinachitika pakhomo, tinayenera kukhala oyamba kuzindikira kuti dzina lililonse linkalankhula kanthu kwa eni ake. Malamulo a Mpingo, pa ndime 855, amapempha makolo, oimira mwana pa ubatizo ndi bambo mfumu kuonetsetsa kuti mwana asapatsidwe dzina losemphana ndi mtima wachikhristu. Nanga munthu angaonetsetse bwanji zimenezi ngati dzinalo sakulimva?

Dzina la Albert linachokera kwa mitundu yakale yolankhula Chijeremani, imene inkakhala kumpoto kwa Europe Mthenga Wabwino usanafike kumeneko. Anthu amenewa ankapanga dzina polumikiza mawu awiri. Kalelo dzinali linkatchulidwa kuti Adalbert. Chigawo choyamba, adal, chinkanena za mtundu wolemekezeka, banja la ulemu wobadwa nawo, tingati mbumba yachifumu. Mpaka lero m'Chijeremani mawu akuti Adel amatanthauza anthu a m'mabanja otere. Chigawo chachiwiri, beraht, chinkanena za kuwala, ndiponso kutchuka, pakuti chowala chimaonekera patali. Tikaziphatikiza, Adalbert ndi munthu wowala chifukwa cha mtundu wake. Pakamwa pa anthu dzinali linafupika, n'kusanduka Albrecht ndi Albert ku Germany, Alberto ku Italy, ndi Albertus m'Chilatini cha m'mabuku.

Chigawo cha kuwalachi chilinso m'maina ena amene timawaitana tsiku la ubatizo: Robert ndi wowala ndi mbiri, Hubert wowala m'maganizo, Herbert wowala pagulu la nkhondo. Komabe tisafulumire kumanga ulaliki pa tanthauzo lililonse. Nthawi zina makolo ankangotenga chigawo chimodzi cha dzina la bambo ndi china cha dzina la mayi kapena la agogo n'kuzilumikiza, cholinga chili chakuti womva dzinalo adziwe nyumba imene mwanayo wachokera. Dzina linkagwira ntchito imene kwathu kuno imagwiridwa ndi chiwongo.

Dzinali silinabadwire mu Mpingo. Linalowamo ndi anthu. Ku England, mfumu ya ku Kent imene inalandira Augustine Woyera ndi amonke anzake m'chaka cha 597 inali Æthelberht, lomwe ndi dzina lomweli m'Chingerezi chakale, ndipo mkazi wake wachikhristu Bertha analinso ndi dzina lochokera ku mawu a kuwala aja. Ku Bohemia, mnyamata wina dzina lake Vojtěch anaphunzira ku Magdeburg, ndipo polandira sakramenti la ulimbitso anatenga dzina la arkiepiskopi wa kumeneko, Adalbert. Iyeyu ndi Adalbert Woyera wa ku Prague, amene anaphedwa m'chaka cha 997 akulalikira anthu a ku Prussia. M'maiko amene ankalamulidwa ndi Britain dzinali linafala patapita zaka mazana ambiri chifukwa cha Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria, amene nyanja ija ya m'malire a Uganda ndi Congo inatchulidwa dzina lake m'chaka cha 1864. Koma amene Mpingo umamukumbukira mu Novembala ndi wina, ndipo moyo wake unayenda motsutsana ndi chigawo choyamba cha dzina lake.

Albert anabadwa cha m'ma 1200 ku Lauingen, tauni yaing'ono ya m'mbali mwa mtsinje wa Danube, m'chigawo cha Swabia. Bambo ake anali a m'gulu la asilikali a pa akavalo otumikira mafumu, anthu opeza bwino ndithu ngakhale kuti sanali mafumu enieni. Ali mnyamata ankayendayenda m'minda ndi m'mbali mwa mtsinje, kusaka mbalame ndi akabawi ophunzitsidwa ndi kuonerera nsomba, ndipo zambiri za zimenezi anadzazilemba atakula. Anamutumiza kukaphunzira ku Padua m'dziko la Italy, komwe ankayang'aniridwa ndi mbale wa makolo ake. Zimene anakumbukira za kumeneko zimationetsa mtundu wa maso amene anali nawo. Analemba za chivomezi chimene chinagwedeza chigawo cha Lombardy iye ali konko. Analembanso za chitsime china chimene chinakhala chotseka nthawi yaitali. Atachitsekula, anthu awiri amene analowamo anafa chifukwa cha mpweya woipa. Ena akanati m'chitsimemo munali mizimu. Iye anafuna kudziwa za mpweyawo.

Ku Padua komweko kunafika Jordan wa ku Saxony, amene analowa m'malo mwa Dominic Woyera ngati mkulu wa Chipani cha Alaliki. Chipanichi chinali chatsopano, chovomerezedwa ndi Papa Honorius III m'chaka cha 1216. Abale ake sankaloledwa kukhala ndi minda kapena chuma, ankapempha chakudya khomo ndi khomo, ndipo pa ulendo ankayenda wapansi. Kwa banja ngati la Albert, mwana kukhala wansembe silinali vuto, malinga adzakhale mkulu wa nyumba yolemera ya amonke kapena episkopi. Koma kuvala mkanjo wa opemphetsa kunali kunyazitsa mtundu. Mbiri yakale ya chipanicho imanena kuti womuyang'anira uja anayesetsa kumuletsa, ndipo Albert mwiniwake ankaopa kuti akalowa adzatulukanso. Ulaliki wa Jordan unathetsa manthawo, ndipo analandira mkanjo, malinga ndi olemba mbiri ambiri, m'chaka cha 1223. Pambuyo pake m'bale wake Henry anamutsatira m'chipani chomwecho.

Zaka zotsatira tingazidutse mwachangu. Anachita maphunziro a zaumulungu, nakhala mphunzitsi wa abale anzake m'nyumba za chipani ku Hildesheim, Freiburg, Regensburg ndi Strasbourg. Kenaka anatumizidwa ku yunivesite ya Paris, komwe m'chaka cha 1245 anakhala mphunzitsi wamkulu wa zaumulungu. Kumeneko anakumana ndi nkhani imene inadzadya moyo wake wonse.

Mabuku a Aristotle, wanzeru wachigiriki amene anafa zaka zoposa 300 Ambuye asanabadwe, anali atayamba kufika m'masukulu achikhristu m'Chilatini, ena ochokera ku Chigiriki, ena kudzera m'Chiarabu, pamodzi ndi ndemanga za akatswiri achisilamu monga Avicenna ndi Averroes. Mabukuwa ankafotokoza za chilengedwe, nyama, nyenyezi ndi mzimu wa munthu popanda kutchula Malembo Oyera, ndipo m'malo ena ankasemphana ndi chikhulupiriro, monga pophunzitsa kuti dziko linalibe chiyambi. Akuluakulu a Mpingo anachita mantha, ndipo mantha awo sanali opanda maziko. M'chaka cha 1210, ndiponso mu 1215, kuphunzitsa mabuku ake a zachilengedwe kunaletsedwa ku Paris. Komabe ophunzira ankawawerenga ndithu. Albert anaona kuti kuletsa buku limene achinyamata aliwerenga kale n'kutseka khola mbuzi zitatuluka. Atapemphedwa ndi abale a m'chipani chake, anayamba ntchito yofotokoza Aristotle yense, buku ndi buku, kuti wophunzira wa Chilatini athe kumumva. Pomwe panali popereŵera ankaonjezapo zake, ndipo pomwe Aristotle analakwa ankanena poyera kuti walakwa, pokumbutsa owerenga kuti Aristotle anali munthu, osati Mulungu. Ntchito imeneyi inamutengera zaka pafupifupi 20. Pofika mu 1255, mabuku amene analetsedwa aja anali ataikidwa pa mndandanda wa maphunziro a yunivesite yomweyo.

Maganizo ake anali akuti Mulungu amene anapereka Malembo ndi yemweyo amene analenga njuchi ndi mwala, ndipo sangadzitsutse yekha. Pa nkhani za chikhulupiriro ankatsata Augustine Woyera wa ku Hippo. Pa zamankhwala ankamvera Galen ndi Hippocrates. Pa zachilengedwe ankayambira kwa Aristotle, koma woweruza wotsiriza ankakhala maso ake. Ankaphunzitsa kuti wofufuza zachilengedwe ntchito yake si kufunsa zozizwitsa zimene Mulungu angachite ndi zolengedwa zake, koma kufufuza zimene zimachitika mwa mphamvu zimene Mlengi anaika m'zinthuzo.

Pamenepa ndi pomwe timamukonda kwambiri munthuyu. Mabuku a nthawi imeneyo ankanena kuti nthiwatiwa imadya chitsulo. Albert anapatsa nthiwatiwa zingapo tizidutswa ta chitsulo, ndipo zinakana, koma miyala ndi mafupa ophwanya zinameza. Anthu ankakhulupiriranso kuti mtundu wina wa atsekwe a kumpoto sumaswa m'mazira koma umamera pa mitengo ya kunyanja, moti ena ankaudya pa nyengo ya Lenti ponena kuti si nyama. Albert anakana nthanoyo, nafotokoza kuti iye ndi anzake anaona mbalamezo zikuikira mazira ndi kuswa anapiye. Ngakhale nkhani ya vuwo amene amadzibaya pachifuwa kuti apatse ana ake moyo ndi magazi ake, chithunzi chija timachiona pa zitseko za tabernakulo ndi pa zovala za Misa, iye anati imapezeka m'nthano koma palibe anaitsimikiza poona. Sanatsutse tanthauzo la chithunzicho. Anangokana kuti phunziro lopatulika litsamire pa chinthu chimene sichinachitike. Ankaswa mazira a nkhuku pa masiku osiyanasiyana kuti aone mmene mwanapiye akukulira. Anayenda maulendo ataliatali kupita kumigodi kukaona mmene zitsulo zimapezekera m'miyala. Ankafunsa asodzi, alenje ndi alimi, anthu amene aphunzitsi a ku yunivesite sankawawerengera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mabuku ake 26 onena za nyama ndi 7 onena za zomera ndi chipatso cha kudekha kotere.

M'chaka cha 1248 chipani chinamutumiza ku Cologne kukatsegula sukulu yaikulu ya abale. Chaka chomwecho, pa 15 Ogasiti, anthu a mumzindawo anaika mwala wa maziko a tchalitchi chawo chachikulu, ndipo Albert, monga mwa khalidwe lake, anasuzumira m'maenje a maziko n'kulemba za zotsalira za nyumba zakale zimene okumba anazipeza pansi. Pakati pa ophunzira ake panali mnyamata wojintcha, wofatsa, wochokera kummwera kwa Italy, amene anzake ankamunyoza pomutcha ng'ombe yosalankhula. Anali Thomas Aquinas, amenenso banja lake linamutsekera m'nyumba kwa chaka chathunthu pofuna kumuchotsa m'chipani cha opemphetsa. Albert ataona zolemba za mnyamatayo anauza anzakewo kuti kulira kwa ng'ombe imeneyo kudzamveka dziko lonse. Mu 1252 anaumirira kuti Thomas atumizidwe ku Paris kukayamba kuphunzitsa, ngakhale kuti mkulu wa chipani poyamba ankamuona kuti ndi wamng'ono. Aphunzitsi odziwa zinthu alipo ambiri. Osowa ndi amene amazindikira kuti wophunzira wawo adzawaposa, n'kumutsegulira njira okha.

Anthu a ku Cologne ankamudziwa pa chifukwa china. Arkiepiskopi wa mzindawo, Konrad von Hochstaden, analinso wolamula dziko, ndipo anakangana kwambiri ndi amalonda pa nkhani ya misonkho ndi kusula ndalama, mpaka zida zinatuluka. Kawiri konse, mu 1252 ndi mu 1258, mbali zonse zinavomera kuti Albert akhale mmodzi wa akhalapakati. Chigamulo chake chinavomereza ulamuliro wa arkiepiskopi, koma chinauikira malire, ndipo chinadzudzulanso akuluakulu a mzinda pa kudyera anthu wamba masuku pamutu. Mu 1271 anayanjanitsanso mzindawo ndi arkiepiskopi wina, Engelbert, amene anali atakhala m'ndende zaka zoposa zitatu.

M'chaka cha 1254 abale anamusankha kukhala mkulu wa chipani m'chigawo chonse cha Germany, dera lochokera ku Netherlands mpaka ku Austria. Kwa zaka zitatu anayendera nyumba za abale wapansi, kupempha chakudya m'njira, ndipo akuluakulu a nyumba amene anapezeka atakwera kavalo kapena ngolo popanda chifukwa ankalandira chilango. Mwana wa msilikali wa pa kavalo anakhala woletsa akavalo. Mu 1256 anali ku Anagni, kunyumba ya Papa, pamene zipani za opemphetsa zinkadziteteza kwa William wa ku Saint-Amour, mphunzitsi wa ku Paris amene ankafuna kuti zichotsedwe m'yunivesite.

Kenaka ulemu umene anauthawa uja unamupeza. Mu Januwale 1260 Papa Alexander IV anamusankha kukhala episkopi wa Regensburg, dayosizi imene inali m'ngongole ndi m'chisokonezo. Mkulu wa chipani, Humbert wa ku Romans, anamulembera kalata yowawa yomudandaulira kuti akane, ponena kuti kunali bwino kumva kuti mwana wakeyo wagonekedwa m'bokosi kusiyana ndi kumva kuti wakhala pa mpando wa uepiskopi. Nkhawa ya Humbert inali yakuti anthu adzati umphawi wa alalikiwa ndi makwerero chabe opitira ku maudindo. Albert anamvera Papa. Episkopi wa Regensburg masiku amenewo analinso kalonga wa ufumu, woyenera kuyenda ndi gulu la akavalo. Iye anayendera dayosiziyo wapansi atavala nsapato zachikopa zomanga ndi zingwe, zonga za alimi, ndipo anthu anamupatsa dzina lachipongwe lochokera ku nsapatozo. Atakonza za chuma ndi kuona kuti wolowa m'malo woyenera alipo, ananyamuka mu 1261 kupita ku Italy kukatula udindo, ndipo mu 1262 Papa Urban IV anavomereza episkopi watsopano. Pa mpandowo sanakhalepo zaka zitatu.

Sitingamulembe ngati munthu wopanda banga. Mu 1248 dzina lake linali pakati pa aphunzitsi a ku Paris amene anasaina chikalata chotsutsa Talmud, mabuku a aphunzitsi achiyuda, ngakhale kuti iye mwini ankawerenga ndi kugwiritsa ntchito nzeru za Myuda wotchuka Maimonides. Mpingo unadzalankhula mosiyana kwambiri za Ayuda pa Msonkhano Wachiwiri wa Vatican mu 1965. Mu 1263 ndi 1264, potumidwa ndi Papa, analalikira m'maiko olankhula Chijeremani zolimbikitsa anthu kupita kunkhondo yolanda Dziko Loyera, ndipo anthu sanalabadire kwenikweni. Zimene analemba zokhudza akazi, potsata Aristotle, n'zolakwika ndipo n'zochititsa manyazi kuziwerenga lero. Munthu amene anayesa nthiwatiwa ndi chitsulo sanayese maganizo onse amene anawalandira kwa akale. Ankakhulupiriranso kuti miyala ina ili ndi mphamvu zobisika zochiritsa. Mwina n'chifukwa chake atamwalira anthu ena anayamba kumunena kuti anali wamatsenga, ndipo mabuku a zithumwa amene iye sanawalembe anagulitsidwa m'dzina lake kwa zaka mazanamazana, makamaka ku France. Akatekisiti akakumana ndi mabuku otere adziwe kuti si ake.

Atakhala zaka zingapo ku Würzburg ndi ku Strasbourg, anabwerera ku Cologne cha m'ma 1270, n'kukhalanso m'kachipinda ka mbale wamba, akulemba, kuphunzitsa ndi kudalitsa matchalitchi ndi maguwa kumene amuitana. Pa 7 Malichi 1274 Thomas Aquinas anamwalira ku Fossanova ali pa ulendo wopita ku msonkhano wa maepiskopi ku Lyon, asanakwanitse zaka 50. Mphunzitsi anatsala, wophunzira atapita. Amene ankakhala naye ananena kuti dzina la Thomas likatchulidwa, nkhalambayo inkagwetsa misozi. Mu 1279 analemba chikalata cha masiye: mabuku ake anawasiyira nyumba ya abale ya ku Cologne, ndipo ndalama zimene Papa anamulola kusunga monga episkopi wopuma anazipereka kuti amalizire kumanga tchalitchi cha abalewo. Mbiri yakale imanena kuti m'miyezi yotsiriza mutu umene unasunga nzeru zonse zija unayamba kuiwala. Anamwalira pa 15 Novembala 1280, abale atamuzungulira.

Mpingo sunafulumire naye. Thomas anatchulidwa woyera mu 1323. Mphunzitsi wake anatchulidwa wodala mu 1622 ndi Papa Gregory XV, ndipo anadikira mpaka pa 16 Disembala 1931 pamene Papa Pius XI anamulengeza kukhala woyera ndi Mphunzitsi wa Mpingo. Mu 1941 Papa Pius XII anamuika kukhala nkhoswe ya akatswiri a sayansi ya zachilengedwe. Mabuku ake atasindikizidwa pamodzi ku Paris pakati pa 1890 ndi 1899 anakwana mavoliyumu 38. Tchalitchi chimene anathandiza kumanga chija chinagwetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mafupa ake anasamutsidwira ku tchalitchi cha Andreas Woyera mumzinda womwewo, komwe Papa John Paul II anakapemphera pa 15 Novembala 1980, patatha zaka 700 chimwalirire iye.

Mibadwo yotsatira inamuonjezera dzina la Magnus, kutanthauza Wamkulu, ulemu umene kawirikawiri unkapatsidwa kwa mafumu ndi Apapa, osati kwa aphunzitsi. Olemba ena a pambuyo pake, poona kuti munthu wotere sangakhale wa banja wamba la asilikali, anamupezera makolo achifumu, n'kumalemba kuti anali mwana wa kalonga wa ku Bollstädt. Akatswiri a mbiri anapeza kuti zimenezi zilibe umboni wa m'nthawi yake. Anzake ankamutcha Albert Mjeremani kapena Albert wa ku Cologne. Chidindo chimene iye ankadindira makalata ake asanakhale episkopi chinali ndi dzina lake la ubatizo, dzina la tauni ya kwawo ya Lauingen, ndi mawu amodzi a udindo, akuti mbale.